Kodi kona ili ndi maso?

Funsoli linabwera tsiku lina Lachiwiri chaka chatha, tili pakati powerenga kankhani ka Chingerezi ndi ana anga a Fomu 3. M'kankhanimo munali dalaivala wa lole amene anachita ngozi pamalo amene wolemba anawatchula kuti 'blind corner'. Mtsikana wina, amene sachita manyazi kufunsa zimene anzake amangozisunga mumtima, anakweza dzanja.

"Sala, 'blind' si munthu wosaona?"

Ndinavomera.

"Nanga kona ili ndi maso kuti ikhale yosaona?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinamuyankha mwachidule kuti imeneyo ndi kona yoti sungaone zimene zikubwera kutsogolo, kenaka tinapitiriza kuwerenga. Koma yankholo silinandikhutiritse ine mwini wake. Mwanayo anali ndi mfundo. Amene sakuona ndi dalaivala, nanga bwanji Angerezi khungulo alipachika pa msewu?

Madzulo ndinabwereka dikishonale ya sukulu, imodzi yomweyo yothothoka chikuto imene imagona m'kabati ya ahedi. Ndimayesa ndipeza mizere itatu kapena inayi. Ndinapeza chigawo chathunthu cha tsamba, tizilembo ting'onoting'ono, ndipo ndinawerenga mpaka tochi inayamba kufooka.

Tanthauzo loyamba ndi lomwe tonse tikulidziwa, la munthu amene maso ake saona. Koma ukangotsika pang'ono, mawuwa amasintha maonekedwe ngati bilimankhwe. Amaleka kunena za munthu amene sakuona, n'kuyamba kunena za chinthu chimene sichikuoneka kapena chimene chili chotsekeka. 'Blind corner' ili m'gulu limeneli. 'Blind alley' ndi kanjira kopanda kotulukira, koti ukalowa ubwerera momwe unadzera, ndipo amatchulanso choncho ntchito kapena maganizo amene sakufikitsa kulikonse. 'Blind wall' ndi khoma lopanda zenera kapena khomo. M'mawa mwake nditamuuza mnzanga wophunzitsa za ulimi, anaseka n'kunena kuti iyenso ali nalo khungu lake m'mimba mwa nkhuku. Amanena timatumbo tiwiri tija totseka kumapeto, timene ana amaloweza kuti 'caeca'. Dzinalo linachokera ku mawu a Chilatini akuti 'caecus', otanthauza wosaona, ndipo Aroma nawonso ankagwiritsa ntchito mawu omwewo ponena chinthu chobisika kapena chamdima. Choncho khalidweli silinayambe ndi Angerezi.

Ukatsikanso, mawu aja amatembenuka kachiwiri. Tsopano akunena chinthu chimene chikubisa chinzake. Zotchinga za pazenera zimene timaona m'maofesi a m'tauni, zokoka ndi kachingwe zija, dzina lake ndi 'blinds'. Ku America kachisakasa kamene mlenje amabisalamo podikirira nyama amakatchula kuti 'blind'. Munthu akatsegula kagolosale kogulitsa sopo ndi machesi kutsogolo pamene malonda enieni ndi kachasu wa kuseri, Mngerezi anganene kuti golosaleyo ndi 'a blind', chinthu chongotchingira maso a anthu. 'Blinkers' ndi tizikopa timene amamangirira m'mbali mwa maso a hatchi kuti izingoona kutsogolo, ndipo munthu wosamva maganizo a ena amati ndi 'blinkered'.

Awiri anandisangalatsa kuposa onse chifukwa cha mbiri yawo. 'Blindfold' ndi nsalu yomanga kumaso. Aliyense angaganize kuti 'fold' akunena kupinda nsaluyo, koma kale mawuwo anali 'blindfell', kutanthauza kukantha munthu ndi khungu, ndipo anthu anawapotoza okha m'kupita kwa zaka chifukwa ankaona nsalu yopinda. Wina ndi 'hoodwink'. M'zaka za m'ma 1500 ankatanthauza kuphimba munthu kumaso ndi chovala cha kumutu, pakuti nthawi imeneyo 'wink' kunali kutsinzina maso onse awiri, osati kutsinzinira munthu ndi diso limodzi monga lero. Masiku ano nsaluyo inaiwalika, chatsala ndi tanthauzo la kupusitsa munthu basi.

Mawu amodzi, malo atatu: wosaona, chosaoneka, ndi chobisa. Ndinalemba zimenezi m'kope langa la maphunziro, ndili wokondwa kuti mtsikana uja ndamupezera yankho.

Nditapita nazo m'kalasi, ana anayamba kuwaseka Angerezi kuti chinenero chawo n'chosokonekera. Ndinawauza kuti asafulumire. Ife tili ndi 'khungu', limene pena ndi chikopa cha thupi la munthu, pena ndi kusaona, ndipo kusiyana kwake kumangomveka pa kakwezedwe ka mawu, monga zimakhalira ndi mtengo womera ndi mtengo wa katundu. Papepala n'chimodzimodzi. Tikamati wandiphimba m'maso sitikunena nsalu ayi, tikunena bodza, ndendende ngati 'hoodwink' uja. Chiphamaso ndi chiyani ngati si golosale ya kachasu ija? Nanga kuchita zinthu mwachimbulimbuli? Ana anawonjezera awo, ndipo bolodi inadzaza mbali zonse ziwiri, Chingerezi uku, Chichewa uku. Pa zaka zonse zimene ndagwira choko, maphunziro oyenda bwino chonchi ndingathe kuwawerenga ndi zala.

Ndinawaonetsanso kuti pali kusaona kumene anthu amachita kukufuna chifukwa n'kwabwino. Akatswiri akamayesa mankhwala atsopano amachita chimene amati 'double-blind', pamene wodwala sadziwa ngati walandira mankhwala enieniwo kapena ongofanizira, ndipo dokotala womuyang'anira sadziwanso, kuti chiyembekezo cha munthu chisalowerere pa zotsatira. Mapepala a mayeso akamachongedwa ndi nambala m'malo mwa dzina, cholinga n'chomwecho. Ngakhale chifanizo cha mayi woimira chilungamo, chogwira sikelo ndi lupanga, kawirikawiri amachisema chili chomanga nsalu kumaso, kuti chisaone ngati wobwera pamaso pake wavala suti kapena sanza.

Koma nkhani imene anaikonda ndi ya 'turn a blind eye'. Mawuwa amawalumikiza ndi Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a panyanja a ku Britain, amene diso lake lakumanja linasiya kuona atavulala pankhondo ku Corsica mu 1794. Pa 2 April 1801 zombo za Britain zinkamenyana ndi za Denmark ku Copenhagen. Nkhondo itakula, bwana wake, Sir Hyde Parker, anakweza mbendera zolamula kuti asiye kumenyana abwerere. Nkhani imati Nelson atauzidwa, anatenga chipangizo choonera patali n'kuchiika pa diso losaona lija, kenaka ananena kuti iye sakuona chizindikiro chilichonse. Anapitiriza kumenyana ndipo anapambana. Pasanapite nthawi Parker anaitanidwa kubwerera kwawo, udindo wake n'kupatsidwa Nelson. Anyamata anaombera m'manja.

Ine ndinawakumbutsa kuti zikanavuta, mbiri ikanamulemba mwina. Ndipo makhoti a ku England sawomba m'manja pa khalidweli. Ali ndi mawu akuti 'wilful blindness', ndipo pena amatchula dzina la Nelson lomwelo. Akutanthauza munthu amene wakayikira kuti pali cholakwika koma wasankha dala kusafunsa, kuopa kuti angadziwe. Wina akakugulitsa foni yatsopano pa mtengo wa nkhuku, usiku, yopanda bokosi, iwe n'kulandira osafunsa kanthu, lamulo lingathe kukutenga ngati munthu amene ankadziwa kuti ndi yakuba.

Ndinawapatsa ntchito yolemba ziganizo. Wina analemba za mtsogoleri wa kalasi amene salemba dzina la chibwenzi chake pa mndandanda wa olongolola. Wina analemba za mayi amene mwana wake wamkazi akubwera ndi sopo wonunkhira ndi mafuta odzola zimene mayiyo sanagule, koma iye safunsa. Ndinachonga ndi bolopeni yofiira, ndikugwedeza mutu kuti ana awa dziko akulidziwa. Sindinaganizeko ngakhale pang'ono kuti chiganizo china chikanatha kulembedwa chokhudza ine.

Lachisanu ndinatsiriza ndi 'blind spot'. Madalaivala amawadziwa mawuwa, ndi mbali ija imene kalilole wa galimoto saonetsa, pamene wakabaza amatha kubisika yense ndi njinga yake. Koma kumene anachokera ndi m'diso lenilenilo. Kumbuyo kwa diso lililonse kuli kamalo kamene mtsempha wopita ku ubongo umatulukira, ndipo pamenepo palibe timaselo tolandira kuwala. Anakatulukira ndi wansembe wina wa ku France, Edme Mariotte, m'zaka za m'ma 1660. Tonse tili nako, kungoti diso linalo limakwirira, ndipo ubongo umadzaza mpatawo ndi zimene zili m'mbali mwake, mwakuti munthu angafe ndi ukalamba osadziwa.

Inunso owerenga mungayese. Jambulani kamtanda papepala, ndipo kumanja kwake, potalika ngati zala zinayi kapena zisanu, ikani kadontho kakuda. Tsekani diso lakumanzere, lakumanjalo liyang'anitsitse kamtanda. Gwirani pepala patali, muziliyandikiza pang'onopang'ono. Pafika pena pamene kadontho kasowa, pepala n'kungooneka loyera. Ana oposa 90 anachita zimenezi nthawi imodzi, ndipo phokoso lake ahedi anachita kutuluka mu ofesi kudzaona ngati mwalowa njoka.

Belu litalira onse anatuluka, kupatula mnyamata mmodzi. Ndi wamtali, wofatsa, ndipo chifukwa cha msinkhu wakewo tinamukhazika pa benchi yakumbuyo kuyambira Fomu 1. Anaima pafupi ndi tebulo langa, pepala lake lili m'manja.

"Sala, kodi 'blind spot' ija imakula?"

"Kukula bwanji?"

"Kukula mpaka kudzaza diso lonse."

Ndinamufunsa chimene amatanthauza. Anati iye akatseka diso lakumanzere monga ndinanenera, si kadontho kokha kamene kamasowa. Kamtanda nakonso sakaona. Amangoona mbuu, ngati nkhungu ya m'mawa.

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Ndili Sitandade 7. Unandilasa mwala wa legeni tikusaka mbalame."

"Nanga linalo?"

"Limaona zapafupi. Zapabolodi ayi."

Zaka zinayi. Ndinakhala pansi, chifukwa zinthu zinayamba kubwera m'mutu mwanga chimodzichimodzi, ndipo panalibe chachilendo ngakhale chimodzi. Kope la mnyamatayu linkakhala ndi zolakwika zofanana ndendende ndi za mnzake wokhala naye benchi, ngakhale pa mawu amene ine ndinawalemba bwinobwino pa bolodi. Kawiri konse ndinamupatsa chibalo chotchetcha chifukwa choonera. Ndinkamuona akufinya maso, akupendeketsa mutu mbali imodzi. Choposa zonse n'chakuti pa mayeso a pakati pa teremu, amene timalemba mafunso pa bolodi posowa mapepala, ankalephera, koma pa mayeso otsiriza teremu, osindikizidwa papepala, ankakhala m'gulu la okhoza bwino. Kusiyana kumeneku ndinakuona. Ndikukumbuka kuti tsiku lina ndinadabwa nako ndikulemba malipoti. Chimene ndinalemba pa lipoti lake n'chakuti ndi mwana wanzeru koma waulesi.

Ndingathe kudziikira kumbuyo, ndipo zifukwa zilipo. Makalasi ndi odzaza, aphunzitsi a Chingerezi tilipo awiri sukulu yonse, makope ochonga amafika m'chiuno. Zonsezo n'zoona. Koma sindinganame kuti sindinaone. Ndinakayikira, ndipo kwinakwake mumtima ndinadziwa kuti ndikafunsa ndipeza vuto, vutolo lifuna ndalama, ulendo ndi nthawi, ndipo likhala langa. Kumutcha waulesi kunali kotchipa. Lachitatu ndinali nditaimirira patsogolo pa mwana yemweyu kufotokoza za munthu wogula foni usiku osafunsa.

Chifukwa chimene iye anabisira chinali ndi nthambi zingapo. Amene anaponya mwalawo ndi msuweni wake, ndipo ankaopa kuyambanitsa mabanja. Ankaopa mayina amene anzake akanamupatsa, pakuti ana a sukulu sachedwa kutcha munthu dzina loti afa nalo. Komanso anamva kuti ana osaona amawatenga kupita nawo ku sukulu zakutali, ndiye agogo ake, amene akhala akumulera chimwalirireni mayi ake, angawatungire madzi ndi kuwalimira ndani? Choncho anaphunzira kubisa, ndipo anafika pokhala katswiri. Ankaloweza zimene ndikulankhula polemba, ankadziwa anzake ndi mayendedwe ndi mawu asanafike pafupi, ndipo mpira anausiya ponamizira bondo.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kwa agogowo. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Nditawafotokozera, sanadzidzimuke.

"Aphunzitsi, ine mwanayu ndimamuona. Akamandithandiza nyembazi amachita kufikitsa lichero pamphuno. Koma ndikanena, yopitira kuchipatala ndiitenga kuti? Ndinangoti poti sakudandaula, mwina zidzatha zokha."

Tinakhala chete kwa kanthawi, nkhuku zikutola nyemba zofumbwa pansi. Anthu atatu, aliyense akudziwa mbali yake, aliyense akudikira kuti wina ayambe.

Aphunzitsi tinasonkherana, ndipo sabata yotsatira ndinakwera naye minibasi kupita ku chipatala chachikulu. Anamuimika patali ndi chikwangwani cha zilembo, zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi, n'kumuphimba diso limodzi kenaka linalo. Ntchito yonseyo sinathe mphindi zisanu, ndipo ndinachita manyazi kuona kuphweka kwake. Atamuunika bwino anati diso lakumanja lili ndi ng'ala yobwera chifukwa cha kuvulala kuja, ndipo ingathe kuchotsedwa ndi opaleshoni, ngakhale sanalonjeze kuti lidzaona ngati kale. Lakumanzere linkangofuna magalasi basi.

Tsiku loyamba kulowa m'kalasi atavala magalasi, anzake anamuseka monga ankaopera, koma sizinathe sabata. Ndinamusamutsira kutsogolo, pambali, kuti msinkhu wake usatchinge ena. Nditatha kulemba pa bolodi ndinamuona akumwetulira yekha. Ndinamufunsa chimene chamuseketsa.

"Pepani Sala. Ine ndimayesa ndi mnzanga uja amalemba moipa. Kani amatengera inu."

Chaka chino ndaphunzitsanso mawu omwe aja kwa a Fomu 3 atsopano, koma pali gulu lina limene tsopano limandilemera pakamwa. 'Blind drunk' ndi munthu woledzera mpaka osadziwa njira ya kwawo. 'Blind rage' ndi ukali wosaganiza. 'Blind obedience' ndi kumvera ngati nkhosa, 'blind faith' ndi kukhulupirira osafunsa. Ukawaika pamodzi umaona kuti palibe ngakhale amodzi amene akunena za munthu wosaona weniweni. Onse akunena za ife a maso awiri, pa nthawi imene tapusa, taledzera kapena tachita ulesi woganiza, koma dzina timabwereka kwa anzathu amene sanalakwe kanthu. Chichewa chathu sichosiyana, nafenso timanyoza munthu kuti kodi uli ndi khungu pamene wangogwetsa kapu. Chikhalirecho Louis Braille, amene anabadwa ku France mu 1809 n'kusiya kuona ali kamwana, anali ndi zaka 15 zokha pamene anakonza kalembedwe ka timadontho kamene osaona akuwerengera mpaka lero. Kuno kwathu malemu Allan Namoko wa ku Thyolo sankaona, koma banjo yake inkamveka pa wailesi dziko lonse. Mawuwo ndimawaphunzitsabe, chifukwa ana akakumana nawo m'mabuku ndi pa mayeso, ndipo sindine woti ndingasinthe Chingerezi ndili kuno kumudzi. Koma ndimawauza ana kuti aone bwino amene akunenedwa m'mawuwo ndi ndani.

Ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amaphunzitsa aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, kuphatikizapo a vuto la maso. Pa sukulu yathu palibe ngakhale mmodzi amene anadutsako, ndipo pa dipuloma yanga sindikumbuka tsiku limene wina anatiuza kuti mwana woonera mnzake uyambe wamuyesa maso usanamupatse chikwanje. Chimene ndimachita tsopano n'chachikale kwambiri. Sabata yoyamba ya teremu ndimalemba zilembo pa bolodi, zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi, ndipo mwana aliyense amaima kukhoma lakumbuyo n'kuwerenga ataphimba diso limodzi ndi chikhatho, kenaka linalo. Ndimasintha zilembozo pafupipafupi, chifukwa ndinaphunzira kuti mwana wofuna kubisa amaloweza msanga. Si kuyeza kwa chipatala, koma ndapeza ana asanu. Awiri makolo awo anawagulira magalasi. Atatu enawo ndangowasamutsira kutsogolo, ndipo benchi yakutsogolo yayamba kuchepa.

Mnyamata uja ali Fomu 4 tsopano. Opaleshoni yake yaimitsidwa kawiri, ulendo woyamba anati dokotala kulibe, wachiwiri anati zipangizo zina sizinafike, ndipo maulendo onse awiri ndalama ya minibasi inapita. Tsiku latsopano limene atipatsa ndi la mwezi wamawa, patangotsala masabata ochepa kuti ayambe kulemba MSCE. Agogo ake akuti adikire, alembe kaye ndi diso limene lamufikitsa pano, kuopa kuti bandeji ndi ululu zingamusokoneze. Iye akuti apite, chifukwa tsiku likaphonyeka sakudziwa kuti lina lidzapezeka liti. Dzulo agogowo anatuma mwana kudzandiuza kuti onse awiri agwirizana kuti amvera zimene anene aphunzitsi. Ndawauza kuti ndibwera Loweruka.